Kampira kachitsulo kamene kanandichotsetsa kapamba

Chizindikiro choyamba chinali ululu pansonga ya phewa lakumanzere. Linali Lachisanu m'mawa, mwezi wa February, mvula ili pachimake. Ndinkati ndinyamule ndowa ya madzi osamba, ndipo ndinangomva ngati munthu wandibaya ndi singano yosokera ukonde. Ndikapuma mozama ululuwo unkakula, ndikagona chagada unkakuliratu. Paphewapo panalibe bala, panalibenso kutupa. Pomwe chitsulo chinandimenya masiku awiri m'mbuyomo panali m'munsi, m'nthiti, ndipo za chitsulocho akazi anga, amake Tereza, sankadziwa kanthu.

Ine ndine Barnaba, msodzi wa ku Malindi, ndipo zaka zanga zapitirira makumi asanu. Ndikulemba izi chifukwa ndinatsala pang'ono kufa ndi zinthu ziwiri zimene ndinadzichitira ndekha. Ndinamanga chingwe pamalo olakwika, kenako ndinabisa bala.

Zinayamba Lachitatu masana. Che Saidi a ku Chiponde, amene amabwera kudzagula usipa wouma padoko pathu, anatitimira ndi pikiapu yawo pakadambo kali pakati pa doko ndi msewu waukulu. Matumba a usipa anali atadzaza m'pikiapumo mpaka pamwamba, ndipo mateyala akumbuyo analowa m'matope mpaka kubisika. Kumwamba kunali kutadanso, ndiye aliyense ankadziwa kuti usipawo ukanyowa basi watha. Mwamwayi kumbuyo kwawo, pouma, kunali lole ya ku Chowe imene inabweretsa nkhuni padoko. Dalaivala wake anavomera kuitembenuza kuti awakokere chafutambuyo.

Che Saidi anati pansi pa galimoto yawo pali ngowe yokokera, yomangidwa ndi mabawuti pachesesi, chitsulo chachikulu chija chimene chimanyamula galimoto yonse. Koma ngoweyo inali itakwiririka m'matope. Iwo ankafuna kuti titsitse kaye matumba, tikumbe ndi makasu mpaka ngoweyo ioneke, ndiye timange pamenepo. Ine ndinaseka. Kumbuyo kwa pikiapuyo kunali kampira kachitsulo kamene amakolekapo ngolo, kali poyera, konenepa bwino, kangokhala ngati chikhomo chomangirira boti. Ndinawauza kuti tikumbirenji pamene pomanga pali pamaso pathu, komanso kuti ine ndamanga zingwe kuyambira ndili mnyamata ndipo mfundo yanga sinamasukepo panyanja.

"Achimwene, kampirako n'ka ngolo basi," anatero Che Saidi. "Si kozulira galimoto m'matope."

"Inu yendetsani galimoto, za zingwe tisiyireni ife," ndinawayankha choncho pamaso pa anthu, anzanga n'kuseka.

Ndinatumiza kuti atenge chingwe cha khoka, chija chanayiloni chimene timakokera ukonde kumtunda. Chingwe chimenechi n'cholimba kwambiri, koma chimatamuka ngati legeni. Panyanja kutamukako n'kwabwino, chifukwa mafunde sakukhadzula manja. Sindinaganizeko kuti pakati pa magalimoto awiri chingachite zotani. Ndinachimanga pakampira paja, mbali ina palole. Ndiye pali chizolowezi chathu ife asodzi: tikaona chingwe chikukokedwa, miyendo imatitengera yokha pachingwepo. Tinandanda amuna asanu ndi mmodzi m'mbali mwake monga timachitira pokoka khoka, ena atachigwira ndithu, poganiza kuti tikuthandiza lole.

Loleyo inakoka pang'onopang'ono koyamba, pikiapu osasuntha. Ndinakodola dalaivala kuti abwerere m'mbuyo pang'ono, chingwe chikhwepe, kenako athamange nacho mwamphamvu. Che Saidi atawona zimenezo anatulutsa mutu pawindo n'kukuwa kuti anthu achoke. Anzanga anathawa. Ine ndinangosuntha phazi limodzi, poti ndine ndimalamula.

Kunamveka ngati mfuti. Kampira kaja kanathyoka pakhosi pake, chingwe n'kukaponya. Kanakamenya chitseko chakumbuyo cha lole mpaka kuchibowola, n'kunjanja, n'kudzandipeza ine m'nthiti zakumanzere. Kakanabwera molunjika bwenzi nditafera pomwepo. Ndinagwa m'matope, mpweya unandithera, koma manyazi anandidzutsa msanga. Ndinauza aliyense kuti kangondikhudza chabe. Che Saidi anandichonderera kuti galimoto ikatuluka anditengere kuchipatala, ine ndinakana mokalipa. Kenako anthu anatsitsa matumba, anakumba, anamanga chingwe pangowe ija, lole n'kukoka modekha, pikiapu n'kutuluka ngati masewera. Ine ndinali nditakhala pamwala, nditagwira m'nthiti, ndikuyang'ana kumbali.

Kunyumba ndinanena kuti ndaterereka m'matope. Posamba ndinaona kuti pathupi patuluka chizindikiro chozungulira, chofiirira, kukula kwake ngati pakamwa pa kapu. Kuyambira pamenepo sindinavulenso malaya pamaso pa akazi anga. Lachinayi nthiti zinkawawa ndikatsokomola, ndipo ndinamwa mankhwala opha ululu ogula pagolosale n'kupita kukasoka maukonde. Lachisanu ndiye lija phewa linayamba. Ndinadzinamiza kuti ndi chifukwa chokoka chingwe.

Loweruka zinthu zinasintha. Ndikaimirira mutu unkazungulira, maso n'kuchita mdima kwa kanthawi. Ludzu linali losatha, ndimamwa kapu iyi n'kufunanso ina. Mimba inalimba ndipo inkapweteka ndikaigwira. Thukuta lozizira linkangotuluka ndili chikhalire pamthunzi. Amake Tereza anati ndi malungo, tipite kuchipatala cha mishoni, chimene sichili patali ndi kwathu. Ndinawakalipira kuti asandiyese mwana. Zoona zake n'zakuti ndinkaopa. Ndinkadziwa kuti kuchipatala akandivula malaya, ndipo mudzi wonse udzadziwa kuti katswiri wa zingwe uja wadzivulaza yekha.

Lamulungu ndinapita kutchalitchi, poti ndikanatsala bwenzi akazi anga atapambana mkangano. Ndinayenda mopumira kawiri panjira. Titagwada popemphera, nthawi yoimirira itakwana, ndinangomva nyimbo ikupita kutali. Ndinatsitsimuka ndili pakhonde la tchalitchi, amayi awiri akundikupiza ndi zitenje, amake Tereza atandigwira mutu. Amuna anayi anandinyamula pamkeka mpaka kuchipatala.

Poti linali Lamulungu, dokotala anachita kukamuitana kunyumba. Podikira namwino anandibaya chala kuyeza malungo, ndipo sanapezeke. Anandiyeza kuthamanga kwa magazi kawiri, kachiwiriko nkhope yake itasintha. Dokotala atafika anandikoka chikope cham'munsi, anayang'ana zikhatho zanga, zonse zili mbuu.

"Bambo, magazi anu akuchepa, koma sindikuona komwe akupita," anatero. "Munagwa? Chilipo chinakumenyani?"

Ndinayang'ana akazi anga ataima pamutu pa bedi, ndipo ndinati ayi. Mpaka lero ndikakumbukira ayi ameneyo ndimachita mantha, chifukwa munthu ndinali ndikufa koma ndikusamalabe ulemu wanga. Anandipulumutsa ndi namwino, amene anangokweza malaya kuti dokotala agwire pamimba. Chizindikiro chija chinali chitada bii, chitafalikira mpaka kumsana. Ndinafotokoza zonse, maso ndili pansi. Amake Tereza anangokhala pansi pasimenti.

Dokotala anafotokoza mwachidule kuti kuseri kwa nthiti zimenezo kuli kapamba, ndipo kapamba akamenyedwa amatha kung'aluka n'kumadontha magazi pang'onopang'ono kwa masiku, kenako n'kuphulika. Anati ululu wa paphewa uja unali wa magazi amene anadzaza m'mimba n'kumakankha chifuwa cham'munsi. Anandiika madiripi mikono yonse iwiri, analemba kalata, n'kuitanitsa ambulansi yoti inditengere kuchipatala chachikulu cha boma. Anauza akazi anga kuti asandipatse madzi kapena chakudya ngakhale nditalira bwanji.

Ulendowo si wautali, koma bampu iliyonse ndinkaimva m'mimba ngati mpeni. Namwino anakhala pambali panga, chala chake chili pamtsempha wa padzanja langa, ndipo ankangondifunsa dzina langa ndi la mudzi wanga kuti ndisagone. Amake Tereza anagwirizira botolo la diripi njira yonse. Ndinkamva kuzizira kuyambira kumapazi kukwera m'mwamba.

Titafika anandiunika m'mimba ndi makina, ndipo sanachedwe kuona kuti mwadzaza magazi. Dokotala wa opaleshoni anati ndiyenera kung'ambidwa tsiku lomwelo. Anati ndifunika magazi mapaketi angapo, ndipo anapempha kuti achibale amene angathe apereke. Akazi anga anaimbira mwana wathu Tereza, amene amakhala paboma pomwepo, komanso mng'ono wanga. Anaimbiranso Che Saidi, poti tsopano anali atadziwa kuti iwo ndi amene anaona zonse. Che Saidi anatsika kuchoka ku Chiponde panjinga yamoto, mvula ikuwamenya, ndipo anafikira kuchipinda choperekera magazi asanandione n'komwe.

Ndinadikira pamachira pakhonde la chipinda cha opaleshoni pafupifupi maola awiri, poti munali munthu wina amene analowa ine ndisanafike. Nthawi imeneyo ndiyo inali yovuta kuposa zonse. Paketi yoyamba ya magazi inali ikulowa, koma ndinkanjenjemera mpaka machira kumalira. Pakhosi panauma gwa, ndipo namwino ankangondinyowetsa milomo ndi thonje. Pepala lovomereza opaleshoni anasaina ndi akazi anga, chifukwa dzanja langa linkalephera kugwira cholembera. Ndinamva dokotala akuwauza chapansipansi kuti, "Tiyesetsa, mayi, koma abwera mochedwa." Apo m'pamene ndinadziwa kuti mwina sindituluka. Ndinachita mantha kwambiri, osati a imfa yokha, koma akuti ndifa nditawanamiza. Ndinayesa kuwaitana kuti ndipepese.

"Mudzandiuza mukatuluka, bambo a Tereza," anatero, n'kundifunditsa chitenje chawo kumapazi.

Ndinazindikira bwinobwino Lolemba m'mawa. Ndinali ndi paipi m'mphuno, ina yotulutsa mkodzo, inanso yotuluka pambali pa mimba. Bala linayambira pansi pa chifuwa mpaka kupitirira mchombo. Dokotala pozungulira anandiuza kuti kapamba anamupeza atang'ambika pakati ndipo anamuchotsa yense. Anati ndikanabwera Lachitatu lomwe lija kapena Lachinayi, akanandigoneka n'kumandiyang'anira, ndipo mwina zinthu sizikanafika pamenepa. Sanandikalipire. Anangonena n'kupita pabedi lotsatira.

Moyo wa m'wodi uli ndi ndondomeko yake, ndipo munthu umaizolowera msanga. M'mamawa okolopa amabwera, odikirira odwala onse n'kutuluka panja. Kenako anamwino amayeza kutentha kwa thupi, amabaya jakisoni, madokotala n'kuzungulira. Masana odikirira amabwerera ndi zakudya zimene aphika kukhitchini yawo yakuseri. Ine masiku awiri oyamba sindinkaloledwa kudya, ndiye ndinkangoona anzanga akutafuna. Amake Tereza ankagona pansi pambali pa bedi langa, pamkeka, ndipo ankandiyankhula zofunika zokha, monga kutembenuka, kulavula ndi kumwa mankhwala.

Lachiwiri namwino wina wamfupi, waukali ngati tsabola, anandilamula kuti ndikhale tsonga, kenako ndiime. Mumtima ndinamutukwana. Anati ndikangogona mapapo adzaza madzi, ndipo anandiphunzitsa kutsokomola nditakumbatira pilo pabala. Ndinayenda masitepe asanu kupita, asanu kubwera, thukuta lili kamukamu. Lachitatu anachotsa paipi ya m'mphuno. Funso la m'mawa uliwonse linali lakuti kodi ndatulutsa mpweya, ndipo tsiku limene ndinavomera namwino uja anaomba m'manja pamaso pa wodi yonse. Ndinayamba ndi madzi, kenako phala lamadzimadzi.

Ndinkaganiza kuti zoopsa zatha, koma Lachisanu thupi linatentha. Kumunsi kwa bala kunafiira, kunatupa, n'kuyamba kutuluka mafinya. Dokotala anali atandichenjeza kale kuti kapamba ndi amene amathandiza thupi kulimbana ndi tizilombo, ndipo munthu wopanda kapamba matenda amamugwira mwaukali. Ndiye nditaona anamwino akubwera pafupipafupi ndi choyezera kutentha, mantha aja anabwereranso. Anayezanso malungo, sanapezeke. Anamasula ulusi pawiri kuti mafinya atuluke, anasintha mankhwala, ndipo ankatsuka bala kawiri patsiku. Kutsukako ndinkaluma nsalu. Kwa masiku atatu thupi linkati likatsika m'mawa, madzulo n'kukweranso. Akazi anga ankandipukuta ndi kansalu konyowa, osatopa, koma nkhope yawo inali itagwa. Lolemba lotsatira kutentha kunatsika ndipo sikunabwererenso.

Che Saidi anabwera kudzandiona Lachiwiri lake, atanyamula nthochi. Ndinkayembekezera kuti andikumbutsa mawu anga aja, koma anangokhala pampando n'kufunsa za bala. Potsiriza anamwetulira.

"Koma mfundo yanu inali bwino, achimwene," anatero. "Sinamasuke. Tinachita kuidula ndi mpeni."

Ndinaseka mpaka bala linandikumbutsa kuti lilipo. Kenako ndinawapempha kuti andifotokozere zimene ndinakana kumva tsiku lija. Anati kampira kaja anakapangira kukoka ngolo yoyenda yokha pamateyala, pamsewu, mosakhadzula. Galimoto yotitimira matope amaigwira ngati dzino m'kamwa, ndiye ukaikhadzula mphamvu yonse imathera pakakhosi kakang'ono kaja. Anatinso bampala imazuka, ndipo timphete tating'ono ta pansi timene amamangira galimoto ikanyamulidwa palole timaoneka ngati ngowe koma timang'ambika. Ekiselo, chitsulo chija chogwira mateyala, ndi zitsulo za chiwongolero zimapindika. Pomanga ndi pangowe yochindikala, yogwidwa ndi mabawuti akuluakulu pachesesi penipeni, ndipo uyambe waiyang'ana ngati ilibe dzimbiri kapena mng'alu. Ngati galimoto ili nazo ziwiri, ndi bwino kugawa chingwe pa zonse ziwiri. Ine ndinamvetsera mpaka kumapeto, chinthu chimene sindichita kawirikawiri.

Tsiku lomwelo, alendo atatuluka, ndinapepesa kwa amake Tereza. Ndinkaganiza kuti adandaula za ntchito imene yaima kapena za kugona pasimenti. Sananene zimenezo.

"Masiku anayi ndimagona pambali pa munthu amene akutha magazi, ine osadziwa," anatero. "Ndimakuphikirani phala la malungo. Mukanafa pamkeka paja, anthu akanati ndine mkazi wotani?"



Ananditulutsa patatha masiku khumi ndi atatu. M'buku langa la kuchipatala analemba ndi zilembo zazikulu kuti ndilibe kapamba, ndipo anati ndiziyenda nalo kulikonse. Anandiuza za katemera amene ndiyenera kulandira, za kugona m'neti usiku uliwonse chaka chonse, komanso kuti ndisanyamule cholemera kwa miyezi itatu. Chachikulu anati thupi likangotentha, kapena galu akandiluma, ndipite kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira kuti kuche kawiri. Bala linatenga milungu isanu ndi umodzi kuti litsekeke, ndipo masiku onsewo ndinkapita kuchipatala cha mishoni kukatsukitsa. Mwezi woyamba kuyenda kuchoka kunyumba kufika padoko kunali ngati ulendo wa ku Chowe wapansi.

Tsopano chaka chapitirira. Ndimadya bwino, ndimalima pang'ono, ndimasoka maukonde, ndipo nyanja ikakhala bata ndimalowa. Kukoka khoka ndinasiya, chifukwa pabala pamakoka ndikachita mphamvu. Malungo anandigwirapo kamodzi. Ndinapita m'mawa womwewo, komabe anandigoneka masiku awiri, pamene kale ndikanangomwa mankhwala n'kupita kunyanja.

Kwa anzanga a m'mbali mwa nyanja, amene mvula ikagwa timathamangira kukathandiza galimoto yotitimira, ndikuti kuthandizako n'kwabwino, koma galimoto si boti. Tsitsani katundu, kumbani mpaka ngowe yeniyeni ioneke, ngakhale mvula ikubwera. Pakampira ka ngolo musamangepo, ngakhale kaoneke kolimba bwanji. Zingwe ziwiri musazilumikize ndi chitsulo, chifukwa chikaduka chitsulocho n'chimene chimauluka. Yalani thumba lonyowa kapena bulangete pakati pa chingwe kuti chikaduka chigwere pansi. Wokoka akoke modekha, ndipo aliyense aime kumbali, patali kuposa kutalika kwa chingwecho. Ngowe ikapanda kupezeka, ndi bwino galimoto igone m'matope.

Ndipo chinthu chikakumenyani m'nthiti kapena pamimba, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale mwadzuka nokha, ngakhale magazi sakuoneka. Mukamva ululu paphewa, chizungulire, ludzu losatha kapena thukuta lozizira, musadikire n'komwe. Mukafika muwauze madokotala zoona, ndipo kunyumba muyambe mwauza amene mumagona naye. Ine madokotala anandisoka ndipo bala linapola, koma pali china chimene sichinabwerere. Masiku ano ndikadzuka n'kunena kuti ndili bwino, amake Tereza sakhulupirira mawu anga okha. Amabwera, amandigwira pachipumi ndi kuseri kwa dzanja, amandikoka chikope n'kuyang'ana, ndipo akakhutira okha m'pamene amandilola kutuluka.